Zala Ziwiri Pakhosi pa Ababa

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri chaka chimene korona inatseketsa mizikiti ku Dubai. Tinkakhala ku Bur Dubai, m'kafulati ka pamwamba pa sitolo ya nsalu: ine, amayi omwe anali namwino, ndi ababa omwe anali akauntanti pakampani ina ya amwenye. Adhana inkamvekabe monga kale, koma woitanayo akafika pakati ankati aliyense aswalire kunyumba kwake. Tsiku loyamba kumva zimenezo ababa anaima pawindo nthawi yaitali, kofiya ili m'manja.

Ine ndinapita ku Dubai ndili kamwana, ndiye Chiarabu ndinachitolera kusukulu ndi kumadrasa, lilime likadali lanthete. Ababa anaphunzira Kurani kwawo ku Machinga, kwa mwalimu amene nayenso anaphunzira komweko. Masura ankawadziwa pamtima kundiposa kutali, koma zilembo zinkatuluka zakumudzi. Pofunika ra iwo ankaikapo la. Mawu ofunika kuthera modula ankawapachika kamchira. Nanga zilembo zakummero zija, ha ndi ayini, ndiye osanena.

Ndipo ankadzidziwa. Atangoyamba ntchito, anzawo anawakankhira kutsogolo kuti atsogolere swala. Itatha, mkulu wina anawagwira paphewa n'kuwauza mwaulemu kuti ndi bwino atayamba kaye akhala pansi ndi mphunzitsi wa ana. Kuyambira pamenepo ababa ankafika kumzikiti mochedwa dala, n'kukaima mzere wakumbuyo. Kunyumba ankaswali milomo yokha ikugwedera, moti ine ndinakula osawamvapo akuwerenga mokweza.

Ramadhani inatipeza tili chitsekeredwe, ndipo kunalibenso imamu woti munthu abisale kumbuyo kwake. Tsiku lina masana anandiitana pabalaza.

"Asiyatu, zikuoneka kuti Idi tidzaswalira muno," anatero. "Ndidzakutsogolerani ndine, mokweza. Koma sindikufuna kukaima pamaso pa Mulungu ndi lilime lomweli. Undiphunzitse."

Ndinayamba kuseka, koma nditaona nkhope yawo ndinameza phwetelo.

Sukulu yathu inkayamba ikatha swala ya asiri, nthawi imene munthu wosala kudya kummero kumakhala kuli gwa. Tinkayala miswala iwiri, timikeka toswalirapo, moyang'anizana. Ndinkangotengera zomwe aphunzitsi athu ankatichita kumadrasa, ndi ukali womwe, chifukwa mwana ukamupatsa udindo amaposa mwini wake. Pa ha ndinawavula magalasi awo n'kuwauza kuti awauzire mpweya ngati akufuna kuwapukuta. Pa ayini ndinatenga zala zawo ziwiri n'kuziika pakhosi panga kuti amve pomwe pamathina chilembocho chikamatuluka. Kenako ndinaika zala zanga pakhosi pawo.

Amayi anatipeza tili choncho akuchokera kuntchito. Masiku amenewo ankavulira nsapato panja, kuthamangira kubafa, kenako n'kukhala pakona patali nafe, masiki ili kukamwa.

"Kwathu mwana wamkazi wamsinkhu uwu kugwira khosi la bambo ake, anthu angasonkhane," anatero. "Bambo a Asiyatu, ine ndinakwatiwa ndi mawu omwewo. Bwanji osangowasiya?"

"Inu munalola, mayi," ababa anayankha. "Koma mawu awa si anu."

Kuti adzimve okha polakwika, tinkawajambula mawu pafoni yanga. Ankamvetsera atatsinzina, akafika pomwe aphonya n'kuchita tsinya ngati aluma mwala mumpunga.

"Fufuta," ankatero. "Tidzasunga yoyera yokha."

Ine n'kufufuta. Tsiku lililonse tinkajambula, tsiku lililonse tinkafufuta, ndipo sindinkaonapo vuto. Koma kunena zoona, mawu awo anali okoma. Anali akulu, onjenjemera pang'ono kumapeto, ndipo ankakoka mavesi m'kayimbidwe kena kamene sindinakamvepo mumzikiti uliwonse wa ku Dubai. Ine makutu anga anali pa zolakwika basi.

Ra inabwera msanga, moti ankangoyendayenda m'nyumba akuiliza ngati njinga yamoto mpaka amayi kudandaula. Ha nayo inagonja. Ayini ndiye anakanirira. Ankafinya kummero mpaka misozi kulengeza, chotuluka n'kukhala "a" wamba.

"Amwalimu, chilembo ichi visa yake yolowera ku Machinga sinatuluke," ankatero akupukuta m'maso.

"Yalla, tiyeni ababa, bwerezani," ine osaseka n'komwe.

Idi itayandikira, tsiku lina anawerenga Fatiha, sura yoyamba ya Kurani, yonse bwinobwino. Ndinamvetsera pafoni kawiri. Panali ayini mmodzi yekha amene anaterereka, kwinako kunali koyera.

"Iyi tisunge, ababa," ndinatero.

Anamvetseranso, napukusa mutu. "Kwatsala pang'ono. Khalasi, basi, fufuta. Mawa tijambula yeniyeni."

Ndinafufuta.

Mawa lakelo anadzuka akutsokomola. Tinati mwina ndi kukanda kummero kouma kuja, ndipo iwo anaseka kuti ayini wawabwezera. Amayi sanaseke. Anawaika kachipangizo koyezera mpweya pachala, anayang'ana manambala, n'kulowa kuchipinda kukaimba foni. Mpaka lero amayi amakhulupirira kuti matendawo anabwera nawo ndi iwo kuchokera kuchipatala, ndipo palibe amene anakwanitsa kuwachotsa maganizo amenewo.

Anabwera kudzawatenga anthu achipatala ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ine anandiletsa kuyandikira. Ali pakhomo, ababa anatembenuka, akupuma mobanika.

"Amwalimu, sukulu musatseke. Ndikubwera kudzalemba mayeso."

Idi tinaswali awiri, ine ndi amayi, motsitsa. Mkanjo woyera umene ababa anausitiratu unali pachitseko cha chipinda chawo, ndipo palibe anaugwira. Nthawi imeneyo iwo anali pamakina othandiza kupuma, paipi ili kummero. Pambuyo pake madokotala anawaboola pakhosi kuti paipiyo idzere pamenepo. Amayi atandilozera pakhosi pawo kundionetsa malo ake, ndinathawira kubafa kukalira, chifukwa panali pamunsi pang'ono pa pomwe ndinkaika zala zanga.

Mulungu anatibwezera ababa patatha mwezi ndi masabata. Anabwera ataonda, kolala ya malaya ikuchita kulendewera, ndipo mawu anawasiya kuchipatala. Akafuna kulankhula kunkangotuluka kamphepo, moti umayenera kuika khutu pafupi ndi pakamwa pawo. Madokotala anati paipi ija inavulaza timinofu totulutsa mawu, mwina adzabwerera. Sanabwerere.

Ndinaisanthula foni ija ngati munthu wotaya singano mumchenga. Ndinalowa ndi momwe mumakhala zofufutidwa, koma munali mutayera kale. Pafoni ya amayi tinapeza timauthenga tingapo ta mawu: kena akufunsa ngati agule anyezi, kena akuti sitima ya Metro yachedwa. Koma mawu awo akuwerenga Kurani, amene anawabisa zaka zonse zija n'kudzawatulutsa mwezi umodzi wokha, panalibe ngakhale vesi limodzi. Zinandiwawa kwambiri, ndipo zimandiwawabe.

Nkhani ya sukulu yathu palibe ankaitchula. Ndiye tsiku lina itatha asiri, ndinawapeza atayala miswala iwiri moyang'anizana. Anandikodola. Nditakhala pansi anatenga zala zanga ziwiri n'kuziika pakhosi pawo, pamwamba pa chipsera, n'kuyamba Fatiha. Kunalibe mawu, koma milomo ndinkaitsata. Atafika pa ayini uja amene ankaterereka, ndinamva pakhosipo pakuthina pansi pa zala zanga, pamalo pake penipeni, n'kumasukanso. Amayi anadzandiuza pambuyo pake kuti m'masabata onse amene anagona kuwodi atachoka pamakina, ankangokhalira kuyeserera zomwezo.

Atamaliza anandiyang'ana, akudikira.

"Mwakhoza, ababa," ndinatero.

Analoza foni yanga, nandikokera pafupi. "Iyi ndiye usunge," ananong'ona.

Ndinatsegula chojambulira, iwo n'kubwerezanso sura yonse. Ndikadali nayo mpaka lero. Mukaimvetsera mumangomva eyakoni yoziziritsa m'nyumba ikulira, kupuma kwa munthu, ndi mwana akufwenthera chapansipansi.

Panopa Loweruka lililonse ndimaphunzitsa ana a Amalawi anzathu kuwerenga Kurani, ndipo nthawi zina kumabwera ndi amayi awo, mwamanyazi, kudzakhala kumbuyo. Zilembo ndimakonza ndithu, pamenepo sindinyengerera, chifukwa ababa sanalakwitse kufuna kupereka kwa Mulungu chinthu choyera. Chimene ndinadzamvetsa mochedwa n'chakuti kuphonyaphonya kuja sikunali kudikira swala. Munthu wamkulu kukhala pansi pamaso pa mwana wake, ali ndi ludzu, n'kumabwereza chilembo chimodzi mpaka misozi, kunali kupembedza kale, ndipo ife tinkakutaya tsiku ndi tsiku poyembekezera mawa.

Wophunzira akadzimvera pafoni n'kuchita tsinya, amvekere aphunzitsi fufutani, ndimamuuza kuti tijambula ina, koma iyi ikhale. Ine nditapatsidwa mwayi wosankha lero, sindingapemphe ayini wokhoza uja. Ndingapemphe Fatiha imodzi ya tsiku loyamba, ya la m'malo mwa ra, ya timichira tonse ta ku Machinga, m'mawu a ababa.