Mfule wa Agogo

Ndikakumbukira agogo aamuna a ku Milonde, ndimamva fungo la madeya onyowa ndi la fodya wawo wopichira, ndipo ndimawaona atawerama m'khola nkhungu isanachoke paphiri, akupapasa msana wa kambuzi kakuda ndi zala zawo.

Kambuziko sankakalola kupita kudambo ndi mbuzi zina. Ine mdzukulu wawo wamkazi ndiye ndinkakathyolera kholowa ndi kukatungira madzi. Iwo ankakatchula kuti mfule, mawu amene kusukulu sindinawamvepo. Nditawafunsa, anandifotokozera kuti mfule ndi mbuzi yaimuna imene amaifula ikadali yaing'ono kuti isabereke koma izingonenepa, pakuti ntchito yake ndi ndiwo basi. Ndinakondwa, n'kufunsa ngati tidzaidya pa Khirisimasi.

"Ayi, mwanawe. Iyi ndi ya anthu odzakumba manda anga."

Amayi ndiwo anandiuza chifukwa chake. Pothawa nkhondo ku Mozambiki, agogo anaika maliro a mng'ono wawo m'mbali mwa njira, ali okha ndiponso ndi njala, m'dzenje losafika n'komwe m'mawondo, ndipo atabwererako m'mawa anapeza afisi atafukula. Kuyambira pamenepo ankakhulupirira kuti okumba manda akapanda kukhuta, dzenje silizama.

Mantha anandigwira. Mbuziyo ikamanenepa, chifuwa cha agogo chinkakulirakuliranso, ndipo mumtima mwanga ziwirizi zinakhala chinthu chimodzi. Ndinkaipatsa chakudya ndikupemphera kuti nthiti zake zisabisike. Agogo nawo ankaopa, koma iwo ankaopa kuti angafe mbuziyo isanakwane.

Atalephera kudzuka pamphasa, anandituma kukhola kuti ndikaipapase m'malo mwawo. Ndinafunafuna nthiti, koma zala zanga zinkangolowa m'mafuta. Ndinabwerera pang'onopang'ono n'kugwada pakhomo, ndikumva mpweya wawo ukulira ngati macheka.

"Wapeza bwanji, amwali?"

"Yanenepa, agogo."

Anapuma mozama, n'kutembenukira kukhoma. Sabata imeneyo isanathe, mbuzi ija inalira kuseri kwa nyumba, ndipo amuna anakumba manda a agogo mpaka mitu yawo inaleka kuoneka. Nyama yake ine sindinailawe.

Tsopano ndili kukoleji, ndipo tanthauzo la mfule ndingathe kulifotokoza bwinobwino kwa aliyense. Chimene sindinachipezere yankho ndi ichi: ndikanawauza kuti nthiti zikuonekabe, kodi agogo akanadikirako pang'ono?