Atate Anga a Mailo

Lelo Yotamu mwana wanga anali kupaka gilisi njinga yake yamoto. Wapeza nchito ku Petauke, koma ati banja litsale kuno ku Ndake chifukwa kulibe lendi. Fungo lija landikumbutsa atate.

Nawonso anali kupalasa njinga kupita ku boma. Pakhomo ndinali kungomva gilisi, eni ake osawaona. Ndikafunsa amai, amati, "Anabwela mailo," kapena, "Abwela mailo."

Tsiku loyamba kusukulu aphunzitsi anandifunsa, "Atate ako ndani?"

Ine ndi mau angawa, omveka mpaka kutsidya kwa mtsinje: "A Mailo!"

Kalasi yonse inagwa ndi phwete. Sukulu ndinaisiyila pomwepo.

Ndiye iwe Yotamu, tenga ana, kalipile lendiyo. M'banja muno a Mailo anakwana amodzi.