Mola ya galimoto yopsa ija yafika ku Cuamba

Sabata ino ndikuyenda modzitukumula, ndipo musandiletse. Ine amene msomali umandipindikira pakhoma ndakonza galimoto ndi manja angawa.

Lachiwiri galimoto yathu yabanja, ija tinabwera nayo kuchokera ku Malawi, inagwa m'dzenje potuluka m'Mandimba, mola ya kumbuyo, sipuling'i ija yonyamula galimoto, n'kuthyoka. Inatsala chopendekeka ngati nkhuku yothyoka phiko. Chonsecho Loweruka apongozi anga ankadzatsika sitima ku Cuamba, ndipo mkazi wanga anali asanawaone chithawireni nkhondo. Miyendo yawo ndi yofooka, sangayende okha.

"Akatsika osapeza munthu, adzati tinafera ku Malawi," anatero mayi akunyumba, misozi ili lengelenge.

Mola yatsopano muipeza kuti kuno? Amakaniko anati tidikire ya ku Nampula, mwina mwezi wamawa.

Koma aliyense woyenda msewu wa ku Cuamba amaidziwa galimoto yopsa ija ili m'mbali mwa msewuwo. Ndi yofanana ndendende ndi yathu, ndipo moto unangodya kutsogolo. Ofukula mabomba okwirira adadutsapo kale. Anzanga anandinong'oneza kuti, "Kagwejuleni basi, ilibe mwini."

Ilibe mwini? Kodi galimoto imamera yokha ngati bowa?

Ndinafunsafunsa mpaka ndinapeza bambo Saide, ogulitsa nsomba zouma pamsika wa Mandimba. Achimwene awo ndiwo anafera m'galimoto imeneyo nthawi ya nkhondo. Titakhala pamkeka ndinawapempha mola ya galimotoyo. Anayankha nditayamba kale kufunafuna nsapato zanga.

"Tsiku lija achimwene ankapita ku Cuamba, sanafike," anatero. "Kachotseni, bambo. Chitsulo chawocho chikawafikire. Koma ndipita nawo."

Tinakwera lole ya chimanga. Titafika, iwo anatambasula manja n'kupemphera kaye, ine chipewa chili m'manja. Kenako nkhondo yathu ndi dzimbiri inayamba. Tinatukula galimoto ndi mtengo wautali, n'kuikhazika pa zipika, chifukwa wolowa pansi pa chitsulo chopanda mchirikizo ndiye kuti watopa ndi moyo. Ndinathira mafuta a nyale pa maparafuzo, mabawuti omanga mola aja, ndinagogoda ndi nyundo, ndinatukwana chamumtima poopa akuluwo. Osasuntha. Ndiye tinalowetsa chitsulo chomasulira m'paipi, tonse awiri n'kulendewera. Parafuzo inalira kuti kwee! Bambo Saide anagwa chagada m'udzu, akuseka mpaka kutsokomola.

Lachisanu mola ija ndinaimanga pa galimoto yathu, mkazi wanga akundipatsira zitsulo ndi malangizo amene sindinapemphe. Galimoto inaima chilili.

Zigoba zoterezi zadzaza m'misewu yathu, kuyambira ku Ngauma mpaka ku Cuamba. Timachita nazo ziwiri: kudutsa titayang'ana kumbali, kapena kuzula mwakuba. Kufunsa kokha ndiko kumatilaka. Timaopa kudzutsa maliro, ngati kuti eni ake adaiwala. Safunsa anadya phula, abale. Ine ndikanazula mwakuba ndikanapeza mola yokha, osati munthu.

Loweruka popita ku Cuamba bambo Saide anakhala kutsogolo atavala mkanjo woyera. Sitima itaima, mkazi wanga anathamanga ngati mwana, nthungululu ndi kulira pamodzi. Apongozi ankangomugwira nkhope akuti, "Ndiwedi? Ndiwedi?" Ndinalira, sindibisa, ndipo chimwemwe chotere sindinachimvepo chibwerereni. Nditacheuka ndinaona bambo Saide atagwada kumbuyo kwa galimoto, dzanja lili pa mola.

"Achimwene, mwafika," anatero.

Tsono inu amene mwatsekera khola la mbuzi ndi chitseko cha galimoto yopsa, dzina la amene anakhala kuseri kwa chitsekocho mukulidziwa? Abale ake ali pamsika pomwepa. Mupita liti kukawapatsa moni?