Khonde la Sitolo ya Bambo

Ndinaganiza zochoka ku Luchenza tsiku lomwe ndinaona achimwene anga, a Layitoni, atasenza makina osokera pamutu, akuwoloka njanji, anthu ali m'makonde kuwaonerera. Ine ndinali nditabisala kuseri kwa chigayo, chifukwa amene ndinawachotsetsa pamalo awo ndinali ine.

Sitoloyo inali ya malemu bambo athu. Inali pa mzere wakale wa masitolo a malata ofiira, pomwe munthu unkayenda kuchokera ku siteshoni mpaka kumsika osanyowa ndi mvula, kungodutsa khonde ndi khonde. Khonde lililonse linali ndi mwini wake wachiwiri, pena telala, pena wokonza mawotchi, pena wosoka nsapato. Mwini sitolo sankamulipiritsa, popeza munthu wodikira buluku lake ankalowa kukagula sopo. Pakhonde lathu pankasoka achimwene. Sitolo bambo anaisiya m'dzina langa poti achimwene anali kale ndi luso, komanso ndiwo okha anapita kusukulu.

Malonda atavuta, kunabwera anthu a kampani ina yomwe inali ndi masitolo ofanana m'maboma ambiri, akufuna kugula. Ndinawafunsa za achimwene. Iwo anati, "Musadandaule bambo, ife tingofuna pakhonde pazikhala paukhondo." Ndinachita manyazi kukapempha achimwene kuti andiwerengere pepala la mgwirizano lomwe anthuwo anabweretsa. Ndinkafuna nane ndichiteko chinthu pandekha. Ndinadinda chala. Sabata isanathe, khonde analitchinga ndi zitsulo n'kuikapo mlonda.

Nthawi yomweyo mkulu wina wa kutchalitchi kwathu, a Nyirenda, anapeza ntchito ku bungwe lina la maiko ambiri ku Nairobi, ndipo ankafuna khukhi. Ine ndinaphikako pa esiteti ya tiyi ndili wamng'ono. Ndinavomera asanamalize kulankhula. Amayi sindinawatsanzike.

Nairobi ya m'zaka za m'ma 1990 inandiopsa kuyambira tsiku loyamba. Tinkakhala ku Buruburu, nyumba zofanana mizeremizere, moti kawiri konse ndinagogoda pageti la eni. Matatu, minibasi zawo zija, ndinkaziopa. Ndikaona wapolisi pakona ndinkabwerera, ngakhale pasipoti inali m'thumba, chifukwa pepala lililonse kwa ine linali ngati njoka m'udzu. Ndalama ndinkatumiza kwa amayi kudzera mwa anthu opita ku Blantyre. Makalata ankandilembera adona, mayi Nyirenda, ndiye ndinkangonena za nyengo ndi za thanzi. Achimwene sanayankhepo ngakhale kamodzi.

Chaka chachitatu a Nyirenda anabwera kuchokera kuntchito masana, n'kundiitanira pabalaza. Anati kwabwera uthenga, amayi atisiya, ndipo iwo andigulira tikiti ya ndege. Ndinawanamiza kuti pasipoti yanga yanyowa, singandidutsitse. Ndinatsala m'khitchini, ndikusenda mbatata, tsiku lomwe amayi ankaikidwa. Ndinkaopa maso a achimwene kuposa manyazi osaika mayi wanga.

Malo okhawo omwe mtima unkakhalako pansi anali mzere wina wa masitolo akale, cha ku Jericho, komwe ndinkapita wapansi kukagula nyama ndi ndiwo zamasamba. Zipupa zinali zong'aluka, koma makonde anali odzaza ngati kwathu. Pasitolo ya pakona pankakhala wosoka nsapato wina wokalamba, Mzee Otieno. Ankanditcha "Malawi".

"Malawi, nsapato zakozo zikundipempha zokha kuti ndizithandize. Vula, khala apa."

Iyeyu ndiye anazindikira kuti sindiwerenga, ataona ndagwira nyuzipepala chozondotsa. Sanaseke kwambiri. Anandilozera tchalitchi china komwe amayi ena ankaphunzitsa antchito a m'nyumba Loweruka masana. Ndinayamba sukulu ndili ndi imvi, nditakhala pakati pa atsikana olera ana. Ndinayamba ndi Chiswahili, kenako ndinaona kuti zilembo zomwezo zikutsegulanso buku langa la nyimbo la Chichewa. Tsiku limenelo ndinalira.

Patapita zaka, mwini sitolo ya pakona ija anamwalira, ana ake n'kugwirizana ndi kampani ya masitolo ambiri, aja owala usiku ndi usana, ogulitsa buledi, mkaka wozizira ndi mayunitsi a foni. Dera lonse linagawikana. Adona anakondwera.

"A Samisoni, koma tsopano tipuma. Mtengo wolemba pachinthu, osati zonenerera ngati tili pa msika wa Limbe."

Sankanama. Mkaka wa m'masitolo akale nthawi zina unkasasa tisanafike nawo kunyumba. Amayi ambiri ankafunanso kuwala pakona paja, poti pankabisala akuba. Koma wogulitsa nyama ndi eni masitolo ena ankati sitolo yoteroyo iwapha, ndipo galimoto zidzadzaza njira yomwe ana amayendamo.

Komiti ya anthu okhala m'deralo inaitanitsa msonkhano, n'kumata pakhoma pepala la zomwe kampaniyo ikulonjeza. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, chala pa mzere, ndikuwerenga liwu limodzilimodzi. Cha kumunsi ndinapeza mawu akuti kutsogolo kwa sitolo kudzasungidwa mwaukhondo.

Ndinapita kwa Otieno. "Mzee, pepala lija likukuchotsani."

"Aa, Malawi, waphunzira dzulodzuloli, lero ndiwe loya? Akunena zosesa. Ine ndimasesa m'mawa uliwonse."

Sabata yonse ndinkadzifunsa ngati ndikalankhule pamsonkhanowo. Ndine mlendo, wantchito wa m'nyumba, Chiswahili changa chokhotakhota. Nanga wina akaimirira n'kunena kuti Mmalawi akulowerera za eni dziko? Nanga nkhani ikafika ku ofesi ya a Nyirenda? Akandichotsa ntchito, kopita kunali kumodzi kokha, komwe ndinkakuthawa. Ndipo kuti andikhulupirire, ndinayenera kunena pagulu chomwe sindinauzepo munthu.

Msonkhano unachitika Loweruka masana m'holo ya tchalitchi. Anakangana za mtundu wa penti, za kukula kwa chikwangwani, za poimika galimoto. Za khonde panalibe anatchula. Wapampando atayamba kusonkhanitsa mapepala ake, ndinapezeka ndaimirira, chipewa chili m'manja.

Ndinati, "Ine si wa kuno, mundikhululukire. Kwathu ndinagulitsa sitolo kwa anthu ngati awa. Anandiuza mawu omwewa a ukhondo. Uve womwe anachotsa anali mkulu wanga, mimba imodzi."

Wina kumbuyo anakuwa kuti ndibwerere kwathu ndikaphike. Ena anaseka. Koma mayi wina wogulitsa nthochi anaimirira n'kuloza mnyamata wa tayi woimira kampani uja.

"Iwe, yankha mdalayu. Otieno akhala kapena achoka?"

Wa tayiyo anati nkhaniyo aionanso. Mayiyo anati, "Uionere pompano, ulembe." Holo yonse inayamba kuwomba m'mabenchi mpaka analemba.

Sitolo inatsegulidwa ndithu. Otieno anamusunthira kumapeto kwa khonde, komwe mvula inkawaza, koma sanamuchotse. Masitolo awiri akale anatseka chaka chisanathe. Wogulitsa nyama anapirira. Ineyo mkaka ndinkagula m'sitolo yatsopanoyo, sindibisa. Adona atamva za msonkhano anangoti, "A Samisoni, zaka zonsezi ndakhala ndikukulemberani makalata a nyengo, nkhani ili iyi?" Mwezi womwewo ndinalemba ndekha kalata yanga yoyamba kwa achimwene. Yankho silinabwere. Komabe a Nyirenda atapuma pantchito, ndinakwera nawo ndege yobwerera kwathu.

Ku Limbe ndinakwera minibasi ya ku Luchenza. Nditatsika minibasi ndinapeza mzere uja ulipo, malata achita dzimbiri, makonde ena agwa. Sitolo ya bambo inali yopentedwa bwino kuposa onse. Achimwene ndinawapeza tsidya lina la msewu, moyang'anana nayo, m'kashedi ka malata, magalasi okhuthala ali pamphuno. Ndinagwada pafumbi, anthu akuona.

Anapitiriza kupalasa makina mpaka msoko unatha.

"Kalata yako ndinaiwerenga. Zilembo ngati mapazi a nkhuku. Anakuphunzitsa ndani?"

"Achimwene, ndinakulakwirani. Pepala lija..."

"Pepala, pepala. Ndinasoka pansi pa mtengo miyezi itatu, kenako ndinamanga pano. Makasitomala anawoloka msewu, sanafe. Ukudziona ngati unagwetsa dziko? Chomwe chinandiwawa n'chakuti amayi ankafunsa za iwe mpaka tsiku lomaliza, ine n'kumawanamiza kuti ndege yachedwa."

Zaka zonse zija ndinkalira khonde, pomwe kwathu ankalira munthu.

Anavula magalasi n'kupukuta m'maso ndi kansalu kotsala. Kenako anati, "Dzuka, ukundithamangitsira anthu. Tiyi alipo koma shuga watha. Pita ukagule apo."

Analoza sitolo ya bambo.

"M'menemo, achimwene?"

"Nanga kuti? Ine ndimagula momwemo tsiku lililonse. Pa thilu polipirira pali mdzukulu wako, mwana wa mwana wanga Esinati. Umuuze kuti ndiwe ndani, sakukudziwa."

Ndinawoloka msewu pang'onopang'ono. Pakhomo mlonda ananditambasulira dzanja kuti ndisiye chikwama. Ndinaima, ndikulephera kulowa, ndikulepheranso kubwerera. Kumbuyo kwanga makina anasiya kulira, ndipo ndinamva achimwene akukuwa msewu wonse kumva:

"Mlekeni alowe ameneyo, ndi mng'ono wanga! Iwe Samisoni, ugulenso buledi."