Mabotolo Aang'ono a Mkazi Wanga

Ndinafika ku Chintheche ndili mphunzitsi watsopano, kuchokera kwathu ku Dedza. Anandipatsa nyumba pasukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Bandawe. Chitonga sindinkachidziwa n'komwe, ndipo ana a m'kalasi ankagwa ndi phwete ndikayesa kuwapatsa moni. Amene anandiphunzitsa kunena kuti "yewu" m'malo mwa "zikomo" anali mtsikana wina woimba kwaya kumpingo kwathu. Patatha zaka ziwiri anakhala mkazi wanga, ndipo tinabereka mwana mmodzi wamkazi.

Mkazi wangayo ankagwira ntchito pa loji ina ya alendo ku Kande. Anayamba ndi kuyala mabedi ndi kuchapa matawulo. Mayi amene ankayang'anira malowo ataona kuti ali ndi manja amphamvu, anamuphunzitsa kutikita alendo m'thupi ndi mafuta onunkhira. Mafutawo ankabwera m'timabotolo takuda, totalika ngati chala chachikulu. Kabotolo kakatsala pang'ono kutha, ankamulola kupita nako kunyumba, ndipo iye ankasunga timabotoloto m'bokosi la nsapato. Munali mafuta a bulugamu, a mandimu, a timbewu, ndi ena a duwa lotchedwa lavenda limene iye mwini anali asanalionepo ndi maso. Ankati mafuta amenewa sapaka okhaokha chifukwa amawotcha khungu. Ankadontheza madontho awiri kapena atatu m'mafuta a mpendadzuwa, kapena m'mafuta a nsatsi amene amayi ake ankayenga okha kumudzi.

Poyamba sindinkaona vuto lililonse. Zinasintha tsiku lina ndikusewera bawo ndi anzanga pansi pa mtengo wa mango. Mmodzi wa iwo anandifunsa akuseka kuti, "Aphunzitsi, ndiye kuti madamu anu amangokhalira kugwira misana ya azungu tsiku lonse?" Onse anaseka, inenso ndinaseka nawo. Koma pobwerera kunyumba mawu aja ananditsatira. Kuyambira pamenepo fungo la m'manja mwake linayamba kundinyansa. Ndinamuuza kuti bokosi lija lizikhala kukhitchini ya panja, ndiponso kuti akaweruka azisamba m'manja ndi sopo asanagwire mbale yanga. Sanatsutse. Anatenga bokosilo n'kuliika pa thandala, pamwamba pa nkhuni.

Nthawi ina tinkamanga kalasi yatsopano ndipo ndinatuta njerwa tsiku lonse. M'mawa mwake ndinalephera kuwerama kuti ndimange zingwe za nsapato. Iye anabwera ndi kambale ka mafuta atasakaniza kale.

"Bambo, gonani chafufumimba ndikutikiteni. Mupita kusukulu muli bwinobwino."

"Manja amenewo kasungireni alendo anu," ndinatero.

Anandiyang'ana pang'ono, n'kutuluka ndi kambale kake. Sanabwerezenso kundipempha, ngakhale tinakhala limodzi zaka zambiri pambuyo pake.

Loweruka masana khonde lathu linkadzaza amayi. Ena ankabwera ndi manja ong'ambika chifukwa choviika chinangwa m'madzi ndi kuchisenda sabata yonse. Ena anali oyanika usipa, ndipo ankafuna kuti Lamulungu akalowe m'tchalitchi asakununkha nsomba. Iye ankawapaka shuga wosakaniza ndi mafuta m'manja ndi m'zidendene, n'kuwatsuka ndi madzi ofunda. Atsikana okonzekera ukwati ankawapaka nsatsi m'mutu mzere ndi mzere, n'kuwaluka tsitsi. Amayiwo ankasiya nthochi, mango, nthawi zina nsomba ya batala. Ine ndinkakhala m'nyumba kuchonga makope, ndikumva kuseka kwawo m'Chitonga, ndipo sindinatulukepo kukaona zimene ankachita.

Matenda a korona atabwera, loji ija inatsekedwa ndipo iye anakhala pakhomo. Masiku amenewo aliyense ankadzifukiza ndi masamba a bulugamu atadziphimba ndi bulangete. Anthu atamva kuti kwathu kuli mafuta a bulugamu, anayamba kufika m'mawa uliwonse. Msodzi wina wachikulire anabwera akutsokomola, atanyamula kapu, kuti amudonthezeremo amwe. Mkazi wanga anakana.

"Ada, awa si mankhwala akumwa. Amangotsegula mphuno basi. Pitani kuchipatala akakuyezeni."

Mkuluyo anachoka akung'ung'udza kuti mwana wa masiku ano ngoumira. Ine ndinamva zonsezi ndili pawindo. Aka kanali koyamba kuzindikira kuti iye ankaidziwa bwino ntchito yake, ankadziwanso pamene ikuthera. Koma sindinamuuze.

Alendo atayambanso kubwera, anabwerera kuntchito, koma sanakhalitse. Ankadandaula msana ndi m'chiuno, ndipo ankatopa msanga. Zina za matenda a amayi ankauza amayi ake, osati ine. Anapita yekha kuchipatala, ndipo kumeneko anamutumiza ku Mzuzu. Tsiku limene anabwera ndi zotsatira, ndinamupeza masana atakhala pamphasa kuseri kwa nyumba, akusenda chinangwa. Sanaleke kusendako.

"Akuti ndi khansa ya khomo la chiberekero," anatero. "Akuti yapita patali."

Ndinaima pomwepo ndi makope m'manja. Ndinamufunsa ngati anadya. Mpaka lero sindidziwa chifukwa chake ndinafunsa zimenezo.

Apa ndi pamene ine, amene ndinathamangitsira bokosi lija kukhitchini, ndinayamba kukhulupirira mafuta kuposa mwini wake. Pafoni panga pankabwera mauthenga ambiri ofalitsidwa m'magulu, ndipo wina unkati pali mafuta ena ochokera kunja amene amasungunula chotupa chilichonse. Loweruka lina ndinakwera minibasi mpaka ku Mzuzu, n'kukapeza munthu amene ankagulitsa mafutawo m'chikwama. Ndinabwera nako kabotoloko nditakakulunga m'hanki. Iye anakatsegula, n'kununkhiza, n'kudontheza pang'ono pachikhatho.

"Awa ndi mafuta ophikira," anatero. "Angothiramo perefyumu."

Anayamba kuseka, mpaka anagwira pamimba chifukwa cha ululu. Ine ndinakwiya, kenako ndinachita manyazi. Atapuma anandigwira dzanja.

"Ndikudziwa kuti mukufuna ndichire. Koma mafutawa ndagwira nawo ntchito zaka zonsezi. Palibe amene amachiza matenda awa. Tiyeni tizingopita kumene madokotala atiuza."

Tinapitadi. Tinayenda maulendo angapo a ku Lilongwe kukalandira mankhwala. Tsitsi lake, limene ankalisamala kwambiri, linayamba kutsala pa pilo. Anapempha mng'ono wake kuti amumete lonse, ndipo anayamba kuvala duku ngakhale m'nyumba. Patapita miyezi, madokotala anatiuza mosabisa kuti chotsala n'kuchepetsa ululu. Anatipatsa mankhwala ake, n'kutibweza kunyumba. Mwana wathu anali kusekondale yogonera komweko, ndipo mayi ake anaumirira kuti asasiye sukulu.

Apongozi anga anabwera kudzakhala nafe. Iwo ndi amene ankamusambitsa ndi kumusintha zovala, pakuti kumeneko, monga kwathu, mkazi akadwala amamusamala ndi akazi anzake. Ntchito yanga inali kutunga madzi, kuwaza nkhuni ndi kukatenga mankhwala. Miyendo yake inatupa mpaka khungu linkanyezimira, ndipo ankalephera kupeza kagonedwe. Apongozi ankayesa kumusisita, koma zala zawo zinali zopindika ndi nyamakazi, ndipo zikhatho zawo zinali zokhakhala ndi khasu.

Tsiku lina nditaweruka, anandiitana ali chigonere.

"Bambo, kanditengereni bokosi lija."

Ndinakalitenga pa thandala. Linali lakuda ndi utsi, ndipo mbali imodzi inali itadyedwa ndi makoswe. Ndinaliika pambali pake, ndikuganiza kuti akufuna kungonunkhiza.

"Thirani mafuta a mpendadzuwa m'kambale, supuni ziwiri. Tsopano tengani kabotolo kolembedwa lavenda. Madontho atatu. Atatu okha, musaonjezere."

Ndinachita zimenezo. Kenako anachotsa chitenje pa miyendo.

"Pakani m'manja mwanu kaye, atenthe. Muyambire kuphazi, muzikwera m'mwamba."

Apongozi anadzuka pampando n'kutuluka panja. Ndinagwada pansi n'kugwira phazi la mkazi wanga. Linali lozizira ndi lolemera. Ndinkaopa kuti ndimupweteka, ndiye ndinkangolikhudza pamwamba.

"Osaopa," anatero. Nditalimbitsa, anati, "Iyayi, osati ngati mukufufuta bolodi. Pang'onopang'ono. Muzimva ndi chala chachikuluchi pamene palimba."

Tsiku limenelo anagona tulo masana onse, koyamba patatha masabata. Kuyambira pamenepo ndikangoweruka ndinkasamba m'manja kuchotsa choko, n'kukagwada pambali pa bedi. Anandiphunzitsa kutikita m'mapewa, m'zala, ndi m'mutu momwe munalibenso tsitsi. Akamva nseru, ndinkadontheza mafuta a timbewu pakansalu kuti azinunkhiza. Ululu waukulu unkamvera mankhwala a kuchipatala okha, ndipo nthawi zina ngakhale amenewo sunkawamvera. Koma ankati miyendo ikatikitidwa amamva ngati ndi yakenso. Patapita masiku apongozi anasiya kutuluka. Ankakhala pakona n'kumaonerera, ndipo tsiku lina anandibweretsera okha botolo la nsatsi kuchokera kumudzi.

Anzanga a pa bawo aja anamva kuti ndikutikita mkazi wanga. Yemwe anandifunsa funso lija anabwera kudzazonda, atanyamula paketi ya shuga, ndipo anakhala nthawi yochepa.

Masana ena ndikumutikita m'zala, ndinamufunsa ngati akukumbukira zimene ndinanena tsiku limene ndinadwala msana.

"Ndikukumbukira," anatero.

"Pepani."

Anayang'ana kudenga.

"Tsiku limenelo ndinapita kunyanja ngati ndikukachapa. Ndinakalira kumeneko. Alendo amene sindiwadziwa ankandithokoza tsiku ndi tsiku, koma inu munkanyansidwa nane."

Ndinapitiriza kutikita chala chomwecho.

"Tembenukani," anatero.

Ndinatembenuka, n'kukhala pansi nditatsamira bedi. Anaika dzanja lake paphewa panga n'kuyesa kufinya. Munalibe mphamvu m'dzanjamo. Anayesa kawiri, kenako analisiya pomwepo, ndipo tinakhala choncho mpaka apongozi analowa ndi phala.

Anamwalira Lachiwiri m'mawa, ine ndili m'kalasi. Tsikulo ndinafuna kukhala pakhomo, koma iye anati ana atsala pang'ono kulemba mayeso, ndipite. Ndinali pabolodi pamene ahedi anaima pakhomo la kalasi, atavula chipewa. Nyumba yathu inali pafupi, moti nditangotuluka panja ndinamva kulira kwa apongozi.

Amayi a kumpingo anabwera kudzasambitsa thupi, ndipo amuna tonse anatitulutsa. Ndinakhala pakhonde ndi alamu anga. Patapita nthawi chitseko chinatseguka pang'ono, apongozi n'kutulutsa mutu. Ankalankhula Chichewa movutikira, koma tsikulo sanafune womasulira.

"Aphunzitsi, tikufuna timudzoze. Mabotolo ngambiri. Sitikudziwa kuti n'kati."

Anandipatsa bokosi ndi kambale. Ndinathira supuni ziwiri, n'kudontheza madontho atatu, anthu onse a pakhonde akundiyang'ana. Dontho lachinayi linagwera pa thalauza. Ndinapereka kambaleko pa mpata wa chitseko, ndipo chinatsekedwanso.

Tinamuika kumudzi kwawo. Amayi amene ankabwera Loweruka aja anabwera onse, ndipo ambiri ndinawadziwa tsiku limenelo, pamene ankabwera mmodzimmodzi kudzandipepesa n'kumandiuza zimene mkazi wanga anawachitira. Wina anati anamuluka tsitsi la ukwati. Wina anandionetsa zikhatho zake.

Patatha mwezi abale anasonkhana kugawa katundu wake. Zitenje zinapita kwa azakhali ake, yunifomu ya kwaya anaipereka kwa mwana wathu. Atafika pa bokosi, mng'ono wake anati alitenga, chifukwa ankaphunzira ntchito ya saluni ku Nkhata Bay. Amalume ake anandifunsa ngati pali chimene ndikufuna kusunga. Panali anthu ambiri, ndipo ndinayankha kuti palibe. Ndinaona bokosilo likulowa m'jumbo limodzi ndi nsapato zake.

Chaka chotsatira ndinapempha kuti andisamutse, ndipo ananditumiza kusukulu ina ku Kasungu, kumene ndili mpaka pano. Mwana wathu anamaliza sekondale, ndipo patchuthi amakonda kupita kwa agogo ake kunyanja. Ine ndimapitako kamodzi pachaka, nthawi yolambula kumanda. Apongozi akalamba kwambiri ndipo maso awo saonanso bwino. Ndikafika amandizindikira ndi mawu, amandigwira dzanja nthawi yaitali, n'kutuma munthu kuti akandifunire nsomba.