Tsamba Lomaliza la Chelo

Tryness Chibesa sanagwirepo ntchito pa Sabata chibadwire. Funsani aliyense ku Libala, kumene anakulira m'nyumba ya bambo ake, mkulu wa mpingo wa Adiventi. Lachisanu dzuwa likangolowa, ngakhale simbi inkazimitsidwa malaya asanathe kusitidwa. Chelo, chivayolini chachikulu chija choliza utachikhazika pakati pa miyendo, anachiphunzira ali mtsikana, ndipo chamudyetsa mpaka lero, koma masiku asanu ndi limodzi okha pa mlungu. Hotela ina ya m'tauni inamufuna Lachisanu madzulo, anakana. Maukwati a Loweruka a ku Kabulonga, anakana. Anthu ankati mayiyu ngouma mutu. Ngouma mutu inde, koma sananamizepo munthu.

Ankaphunzitsa pa kasukulu ka nyimbo ku Woodlands. Chaka chilichonse aphunzitsi ankachita konsati yawoyawo, ndipo chifukwa cha iye ankayiyika Lachisanu masana, fifitini awazi, ndiye kuti 3 koloko.

Chaka chimenecho nyimbo yotsekera inali ya a Hector Besa, mphunzitsi wa piyano, amene ankapuma ntchito mwezi womwewo n'kubwerera kwawo ku Samfya. Anailemba zaka ziwiri. Si nyimbo yoti ungaombere m'manja kapena kugwedeza mutu, ayi. Piyano imagunda kamodzi n'kukhala chete, kilalineti, chitoliro cha mphunzitsi mnzawo Elvis, n'kulira ngati chitseko chosowa mafuta, kenaka onse zii, ukumawerenga chamumtima mpaka khumi. Mphindi makumi awiri. Tsamba lomaliza linali la chelo yekha, ndipo a Besa anauza Tryness kamodzi kokha kuti tsambalo ndi la malemu akazi awo, Beatrice.

Tsiku linafika, mwezi wa Juni, kukuzizira. Foni ya Tryness inati dzuwa lilowa 17:43. Makolo anadzaza holo nthawi yabwino. Koma mpando wakutsogolo, wa mlendo wolemekezeka wochokera ku maofesi a ku Longacres, unali wopanda munthu. Ndipo mukudziwa mmene timachitira kuno: bwana asanakhale pansi, palibe chimayamba. Anthu zana limodzi kudikira munthu mmodzi, ana akuyasamula, tiyi akuzizira m'mafulasiki!

Mlendoyo anatulukira 16:40, akumwetulira ngati wafika msanga. Pemphero. Mawu a mkulu wa sukulu, mayi Sampa. Mawu a mlendo, amene anati sanena zambiri kenaka n'kunena zambiri.

Tryness anapeza mayi Sampa kuseri kwa nsalu. "Ba Sampa, nikupempani, nyimbo ya ba Besa tiyambile yamene. Zuba sizaniyembekeza," anatero akuloza dzuwa pawindo.

"Awe, ba Tryness. Pulogilamu ili m'manja mwa alendo. Tizaoneka monga sitiziba vamene tichita."

Oliza nyimboyo atatu anakwera pa nsanja 17:25. Tryness anawerengera m'mutu: nyimbo idzatha dzuwa litalowa kale ndi mphindi ziwiri.

"Tu minitsi chabe, ba Tryness," ananong'ona Elvis akunyowetsa bango la kilalineti. "Mulungu sazakwiya."

Tryness anali ndi mantha, mantha enieni. Wotchi inali pakhoma lakumbuyo, moyang'anana naye. Pawindo lakumadzulo dzuwa linali litakhala pamwamba pa mpanda.

Anayamba. Atafika pa kachetechete woyamba, Tryness anawerenga chamumtima, koma asanafike sikisi piyano inagunda. Anadzidzimuka. A Besa amenewa, amene pokonzekera ankamenya chivundikiro cha piyano munthu akadula kachetechete ndi mpweya umodzi, lero ankadula okha! Wachiwiri anadulanso. Wachitatu anangomudumpha. Mkuluyo ankaononga nyimbo yake ndi manja ake kuti tsamba lomaliza lipeze dzuwa. Sanamuyang'ane Tryness ngakhale kamodzi.

Koma kilalineti sithamanga ngati minibasi. Elvis anali ndi mizere yaitali yofuna mpweya wonse, ndipo anailiza bwino, mwaulemu, pang'onopang'ono, mpaka Tryness kufuna kumulanda chitolirocho. 17:38. 17:41. Kuwala kunachoka pankhope za anthu, kunakwera khoma, kunafika kudenga.

Piyano inagunda komaliza. Elvis anatsitsa kilalineti. Tryness anatembenuza pepala, tsamba la Beatrice lili poyera, n'kukweza uta wolizira chelo.

Wotchi inati 17:43. Pawindo panalibenso dzuwa.

Uta unaima m'mwamba. Ankalidziwa tsambalo ngati dzina lake, chala chinali kale pa chingwe. Ndani akanamuona? M'holo monsemo munalibe wa mpingo wake ndi mmodzi yemwe. Tsambalo linali la mphindi imodzi ndi theka basi. Anamva a Besa akupuma kumbuyo kwake. Anaganiza za zaka makumi anayi ndi zitatu zimene sanapemphepo Mulungu kuti amudikire pang'ono.

Anatsitsa uta n'kuugoneka pamiyendo.

Holo inakhala chete. Anthu anali atazolowera kale kuti nyimboyi imaima-ima, choncho anadikira. Atatopa kudikira, mlendo wolemekezeka anaimirira n'kuyamba kuomba m'manja, holo yonse pambuyo pake, ena mpaka nthungululu. Palibe anadziwa kuti nyimbo sinathe. Mayi Sampa anakodola a Besa kuti aimirire alandire ulemu. A Besa anakhalabe pampando, manja pamaondo.

Anthu atatuluka kukamwa tiyi, Tryness anapita pa piyano.

"Ba Besa, nikhululukileni. Mailo pa Loweruka zuba ikangena, nizabwela kunyumba kwanu ku Chelstone. Nizakulizilani yonse."

Mkuluyo anasonkhanitsa mapepala ake mosafulumira. "Ine niiziba kale, mayo. Niimvela m'mutu siku iliyonse. Nenze kufuna chabe kuti bantu bamumveko Beatrice."

Anatseka piyano, n'kuvala chipewa. Atafika pakhomo anatembenuka. Pankhope pawo panalibe mkwiyo, ndipo Tryness akanakonda akanamutukwana.

"Sabata yabwino, ba Tryness."

Tryness anatsala yekha pa nsanja, chelo chili pachifuwa, akulira ngati mwana. Tsambalo palibe analilizanso pamaso pa anthu.