Fodya wa ku Kavala ndi sukulu ya Tadala

Lachiwiri lapitali, kunyumba yosamalira okalamba komwe ndimagwira ntchito ku Romford, kuno ku Mangalande, ndinapeza bambo Stavros, nkhalamba yachigiriki, ataunjika timapepala topukutira pakamwa, akutitunga kamodzikamodzi pa kapaipi komwera juwisi. Ndinaima n'kuyang'anitsitsa manja awo. Ine ndinakulira ku Kasungu, manja osoka fodya ndimawadziwa.

Mwana wawo wamkazi atabwera kudzawaona anandifotokozera. Kwawo ndi ku Kavala, mzinda wapadoko ku Girisi, womwe unalemera ndi fodya. Kunali nyumba zikuluzikulu zosungiramo mabelo, sitima zapamadzi zikunyamula kupita maiko akunja. Bambo Stavros anayamba kusoka masamba ali mwana, sukulu osaiona bwinobwino. Kenako makina anabwera, ogula anayang'ana kwina, ntchito inatha. Bambowa anathawira kuno kudzatsuka mbale m'malesitilanti. Lero maina a ana awo anaiwala, koma manja akusokabe.

Tsono madzulo ake ndagula khadi la foni, ndaimba kumudzi, achimwene anga akundiuza opanda n'manyazi omwe: "Tadala wayamba wapuma kaye sukulu. Kuchigafa kukusowa manja."

"Wapuma? Mwana wanu wa Sitandade 8, mayeso ali pakhomo?"

"Inu a ku Mangalande mumalankhula mokhuta. Fodya ndiye amatidyetsa."

Ndinapsa mtima. Amatidyetsa! Chaka ndi chaka ku okushoni mtengo amatchula ndi wogula, mabelo ena n'kubwezedwa, mlimi n'kubwerera kumudzi nkhope ili yakugwa. Ngati fodya anataya Kavala, mzinda wokhala ndi doko lakelake, ife a ku Kasungu ndife yani? Iwo anawasiyirako nyumba zamiyala zoti alendo azijambula. Ife adzatisiyira zigafa zaudzu zodyedwa ndi chiswe. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndipo bwanji Amalawife manja akasowa timathamangira kukawatenga m'kalasi? Makolo, ndikufunsa inu. Timati "sabata ziwiri zokha", sabatazo n'kukhala teremu, teremu n'kukhala ukwati. Ndinawaona ndi maso angawa anzanga omwe tinkakhala nawo benchi imodzi.

Ndinawauza achimwene kuti apeze waganyu, ine ndiwonjezera mashifiti, koma Tadala Lolemba akapezeke m'kalasi. Anayankha kuti "tiona". Tiona wa kwathu ndimamudziwa, ndi ayi wovala jekete.

Achimwene, fodya mudzabzalanso chaka chamawa, mbewu sikutha. Nanga Tadala akaphonya mayeso awa, mudzamubzalanso?